Mlendo ndi lendi m'mbiri ya Nkhotakota

Tauni ya Nkhotakota imagona msanga. Ikamakwana 9 koloko usiku akabaza amakhala ataweruka, sitolo zitatsekedwa, ndipo chotsala ndi mkokomo wa mafunde ndi kuuwa kwa agalu. Ukaponya maso kunyanja umaona nyali za asodzi a usipa zitandanda pamadzi ngati mudzi wina woyandama. Kalembera wa 2018 anapeza anthu oposa 28,000 pabomapa, chiwerengero chomwe Ndirande yokha ingachimeze kangapo. Apaulendo odutsa pamsewu wa M5 amangoima mphindi zochepa, kugula nsomba kapena kathumba ka mpunga, basi n'kumapita.

Koma bata limeneli lisakunamizeni, awerengi. Mwezi ukamapita kumapeto pali nkhani imodzi imene imasowetsa tulo mabanja ambiri m'tauniyi, ndiyo ya lendi. Mphunzitsi wochokera ku Ntcheu, namwino wa ku Rumphi, wapolisi wa ku Thyolo, mnyamata wokonza mafoni pamsika, onsewa amagona m'nyumba za eni. Liwu loti lendi tinachita kubwereka kwa Angerezi, koma m'khutu mwa Mchewa limamveka ngati mphwake wa liwu loti mlendo. Kufananaku n'kongochitika, komabe ku Nkhotakota mawu awiriwa ayenda limodzi kuyambira kale. Tauniyi inakula ndi anthu obwera kudzapempha pokhala, ndipo mbadwo uliwonse wakhala ukulimbana ndi mafunso omwewo: wobwerayo alipira chiyani, alipira kwa yani, nanga akakhalitsa mwini malo atsala ndi chiyani?

Ndalama isanafike m'dziko muno malo sankagulidwa. Munthu wobwera ankapita kwa mfumu ndi nkhuku m'manja, n'kufotokoza kumene wachokera ndi chimene chamuchotsako. Mfumu ikakhutira inkatuma nduna kuti zikamulozere pomanga ndi polima. Malipiro ake anali ulemu: kupezeka pamaliro, kuthandiza ntchito za pamudzi, kukatula nsomba kapena mwendo wa nyama kwa eni nthaka. Ndipo ngati tikufuna munthu woyamba kulawa moyo wa lendi pakati pa Achewa, ameneyo ndi mkamwini. Iye ankamanga nyumba ndi manja ake pamudzi pa mkazi wake, kulima munda wa apongozi, koma dothi lomwe nyumbayo yakhalapo silinali lake. Banja likatha ankanyamula nkhwangwa ndi mkeka, nyumba n'kutsala. Paja akulu anati mkamwini asamakule mwendo. Aliyense amene anakhalapo m'nyumba ya lendi akudziwa tanthauzo la mawu amenewa popanda womumasulira.

M'zaka za m'ma 1840 kunafika mlendo wamtundu wina. Dzina lake linali Salim bin Abdallah, Mswahili wochokera kugombe la nyanja yamchere, amene mbiri imamudziwa ndi dzina laudindo loti Jumbe. Akuluakulu amasimba kuti iyenso anatsata mwambo: anapempha malo kwa mfumu Malengachanzi kuti azichitirapo malonda, ndipo anapatsidwa. Malowo anasankha mochenjera zedi. Mchenga wa Sungu umatchinga mafunde a mwera, motero zombo zimakocheza bwino, ndipo kuchokera pamenepa munthu amawoloka nyanja n'kukagwira njira ya ku Kilwa kutsidya. Mlendoyu anabwera ndi nsalu, mikanda, mfuti ndi onga. Chomwe ankafuna chinali minyanga ya njovu ndi anthu.

David Livingstone anafika m'derali mu 1861 ndi mu 1863, ndipo zomwe analemba zikutionetsa mmene mlendo amasandukira mwini mudzi. Ulendo woyamba anapeza amalondawa ali ndi anthu owerengeka chabe. Patangotha zaka ziwiri anawapeza akukhoma chombo, akunena kuti ali ndi anthu 1,500, pomwe ena zikwizikwi anali atathawira kufupi nawo poopa nkhondo za Angoni. Chinakoka anthuwo chinali mfuti. Munthu wothawa mkondo safunsa mtengo wa pogona, ndiye anthu anaunjikana mkati ndi m'mbali mwa mpanda wa Jumbe, ndipo mpaka lero dera lakale la tauniyi limatchedwa Linga. Lendi ya m'lingamo inali yowawa. Ankalipira ndi chakudya, ndi thukuta posenza katundu, ndiponso popita ku nkhondo zokagwira anthu anzawo. Livingstone yemweyo anamva kwa kazembe wa Britain ku Zanzibar kuti akapolo 19,000 ochokera m'dera la nyanja ino ankadutsa pachilumbacho chaka chilichonse. Doko la Nkhotakota linali limodzi mwa makomo akuluakulu otulukira anthu amenewa.

Pofika nthawi ya Jumbe wachitatu, Tawakali Sudi, yemwe ankatchedwanso Mwinyi Kisutu, mbendera ya Sultan wa ku Zanzibar inali ikupepezeka pa Linga, ndipo mafumu a Chichewa amene makolo awo anapereka malo anali atasanduka omvera. Timati mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka, koma mame awa dzuwa linawalephera. Tinenenso chilungamo pang'ono. Alendo omwewa ndiwo anafalitsa ulimi wa mpunga umene lero tikuunyadira, anasiya mizikiti ndi luso lokhoma maboti, anakwatira m'midzimo, ndipo zidzukulu zawo lero ndi eni tauni monga wina aliyense.

Kenaka mlendo analandira mlendo mnzake. Mu 1889 Harry Johnston anafika pa Kota Kota, monga Azungu ankalembera dzinali, nachita pangano ndi Jumbe. Angerezi anavomera kumamupatsa ndalama chaka ndi chaka; titi nawonso anayamba ndi kulipira lendi. Mu 1893 anamuthandiza kugonjetsa Chiwaura, mmodzi mwa akuluakulu ake amene anamuukira. Koma Tawakali Sudi atamwalira mu 1894, wolowa m'malo mwake, Mwinyi Kheiri, sanakhalitse pampando. Pofika 1895 anali atamuvula ufumu n'kumutumiza ku Zanzibar. Zomwe Jumbe woyamba anachitira mafumu a Chichewa m'zaka zambiri, Angerezi anachitira Jumbe womaliza m'zaka 6 zokha. Amishoni a UMCA nawo anali atapeza malo awo mu 1894, ndipo Bishopu Chauncy Maples, amene anamira panyanja mu 1895, anaikidwa pomwepa.

Mwini watsopanoyu anabwera ndi chida chomwe Jumbe analibe, ndicho kaundula. Msonkho wa nyumba, umene poyambirira unali masheleni 3 pachaka, unatanthauza kuti munthu azilipira boma chifukwa chogona m'nyumba yomanga yekha, ya mitengo yodula yekha, padothi la makolo ake. Wolephera ankatha kuwotcheredwa nyumbayo. Ku Kota Kota ndalama zinali zosowa, choncho m'nthawi ya Alfred Swann, Mzungu amene ankayang'anira boma la Marimba, msonkho unkalandiridwa ngakhale mu mpunga, umene boma linkadyetsa asilikali ake. Wopanda mpunga anayenera kukasaka ndalama kutali, kuminda ya Azungu kummwera, ku Salisbury kapena ku Joni. Apa m'pamene nyumba ndi ndalama zinamangidwa mfundo imodzi, ndipo mfundoyo sinamasukenso.

Tauni ya atsamunda inali ndi mitundu yakeyake ya okhala kwa eni. Kuseri kwa nyumba ya bwana kunkakhala kanyumba ka khukhi ndi mnyamata wa m'munda. Tinyumba totere mpaka lero timati kuboyizi, ngakhale tsopano mumagona mabanja a anthu ophunzira amene amalipira mwezi ndi mwezi. Amwenye anatsegula sitolo, iwo n'kumagona kuseri kwake, ndipo pakhonde pankakhala telala ndi makina ake. Telalayo ndi mmodzi mwa anthu oyamba kulipirira malo ongokwana mpando ndi makina, kaya ndi ndalama kaya ndi kusoka nsalu za mwini sitolo. Makalaliki, mamesenjala, apolisi ndi aphunzitsi a mishoni ankapatsidwa nyumba ndi owalemba ntchito. Nyumba yotere inali yokoma koma yoterera, poti ntchito ikatha m'mawa, madzulo akatundu ali panja.

Masiku amenewo khomo la tauni linali kunyanja. Sitima ya Ilala, imene inayamba kuyenda mu 1951, inkaima patali chifukwa madzi a kugombe n'ngosaya, anthu ndi akatundu n'kumatutidwa ndi maboti ang'onoang'ono. Tsiku la sitima linali tsiku la msika, la makalata, la kulandira ndi kuperekeza. Amuna obwera ku Joni ndi ku Salisbury ankafika ndi masutikesi, njinga ndi ndalama za malata. Wenela inaleka kutenga anthu mu 1974 ndege itagwa ku Francistown n'kupha Amalawi ambiri, ndipo TEBA imene inatsatira inatseka njira mu 1988, koma malata a kumigodi anali atakwera kale pamadenga. Munthu wantchito wosowa nyumba ya boma ankayamba kugogoda pa nyumba zotere, chifukwa wovala tayi sankafuna kudzuka ndi zinyalala za udzu kumutu.

Ndale nazo zinadutsa pano monga zimadutsira mphepo. Mu 1960 chipani cha Malawi Congress chinachitira msonkhano wake waukulu pa Kota Kota, pomwe Dr Kamuzu Banda anapatsidwa utsogoleri wa chipanicho kwa moyo wake wonse. Ufulu utabwera mu 1964 boma linakhazikitsa bungwe la Malawi Housing Corporation, koma maso ake anali kwambiri pamizinda ikuluikulu. Mu 1971 kwacha inalowa m'malo mwa paundi, lendi n'kuyamba kuwerengedwa m'makwacha ndi matambala. Kuyambira 1970 boma linalamula Amwenye kuchoka m'madera akumidzi, ndipo pofika 1978 anali atasonkhana m'mizinda. Sitolo zawo zinagwa m'manja mwa eni dziko, zina n'kuyenda bwino, zina n'kutsekeka. Kenaka mu 1979 fakitale ya shuga inayamba kugaya nzimbe ku Dwangwa, kumpoto kwa boma, ndipo ndalama ndi phokoso zinatsata nzimbezo. Msewu wa tala utalanda apaulendo kwa sitima, tauni inatembenukira kumsewu, kusiya doko kumbuyo. Bata limene alendo amalitamanda lero linabwera motero: ntchito zazikulu zinapita kwina, pabomapa n'kutsala maofesi, chipatala, masukulu ndi nsomba.

Chaka cha 1994 n'chimene chinadzaza nyumba za lendi. Boma latsopano litalengeza sukulu yaulere, ana a m'mapulayimale m'dziko muno anachoka pa 1.9 miliyoni kufika pafupifupi 3 miliyoni, ndipo aphunzitsi pafupifupi 20,000 analembedwa mwachangu popanda nyumba zowasungiramo. Chaka chomwecho kwacha inasiyidwa kuti izidziyendera yokha pamsika, mitengo ya zinthu n'kuuluka. Mabungwe othandiza anthu anafika ndi magalimoto aatali, akufuna nyumba za mpanda ndi madzi a m'nyumba, okonzeka kulipira miyezi ingapo nthawi imodzi. Masekondale oyendera atachuluka, ana ochokera m'midzi yakutali anayamba kufuna tizipinda todziphikira okha. Aliyense wokhala ndi kamalo kuseri anaumba zidina, kuwotcha uvuni, n'kumanga mdadada.

Mdadada ndiwo sukulu yeniyeni ya moyo wa m'tauni yaing'ono. Ndi mzere wa zitseko, khomo lililonse chipinda ndi pabalaza, onse kugwiritsa ntchito bafa limodzi, chimbudzi chimodzi ndi chingwe chimodzi choyanikapo zovala. Mita ya magetsi ikakhala imodzi, nkhani ya mayunitsi imadanitsa anthu kuposa ndale: uyu ali ndi firiji, uyo amasita usiku, winayo akuti ine ndimangotchaja foni basi. Madzi akasiya kutuluka pampopi amayi amalawirira kumjigo, ndipo zochapa zimapita kunyanja. Mu Okutobala malata amatentha moti anthu amayala mphasa pakhonde mpaka udzudzu utawathamangitsa. Kuyambira Meyi mpaka Ogasiti mwera umawomba, mabwato amakhala pamtunda masiku angapo, ndiwo n'kukwera mtengo m'tauni yomwe ili m'mphepete mwa nsomba. Wobwera kuchokera ku dziko la chimanga amayamba ndi kunyoza kondowole, koma ikatha miyezi ingapo mudzamupeza akutsutsana ndi anzake za ufa wa chinangwa wovuwika bwino, ndipo chigwada ndi usipa wofutsa zili pambale. M'bandakucha amadzutsidwa ndi kuitana kwa kumzikiti, Lamulungu ndi belu la kutchalitchi, ndipo pamdadada umodzi Msilamu ndi Mkhristu amabwerekana mbaula ndi mchere.

Ubwino wa tauni yaing'ono ndi woti lendi siluma ngati ku Lilongwe, ndipo kuntchito umatha kupita wapansi. Kuipa kwake ndi koti palibe pobisala. Mwini nyumba amadziwa tsiku limene malipiro atuluka, amadziwa chimene mwagula kumsika, nthawi zambiri amagona pabwalo lomwelo. Madzulo a pa 5 mumangomva, "Odi kuno aphunzitsi, paja mwezi uja watha." Inu n'kuyankha mutagwira chitseko, "Pepani mayi, sanatione. Ikangolowa ndikutumizirani pafoni." Mayiwo amabwerera akung'ung'udza, koma mawa lake mwana wanu akatentha thupi ndi iwo omwe amathamanga kukaitana wakabaza. Malamulo a pabwalo salembedwa koma aliyense amawadziwa: osakhoma msomali osapempha, osaweta nkhuku, alendo asachuluke. Paja nyumba ya mwini saotchera mbewa.

Tisawaweruze msanga alandilodi. Ambiri mwa iwo ndi amayi amasiye, aphunzitsi opuma ntchito ndi asodzi okalamba amene mdadada ndiwo penshoni yawo. Kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, simenti, malata ndi fizi ya zidzukulu zinakwera nthawi imodzi, pomwe malipiro a wokhala m'nyumba anali pomwepo. Ndiponso ndalama za tauni ya asodzi zimayenda ndi nyengo. Boma likatseka nyanja mu Novembala kuti chambo chiswane, alovi, amayi ogulitsa nsomba ndi anyamata ozinyamula onse amabwerera m'mbuyo pa lendi, mwini nyumba n'kumadikira nawo limodzi. Vuto lenileni ndi loti mapangano ambiri ndi apakamwa. Palibe lisiti, palibe tsiku lodziwika lokwezera mtengo, palibe mgwirizano wa yemwe akonze denga likadontha. Zinthu zikamayenda bwino onse amati ndife pachibale. Zikavuta wamphamvu ndiye amapambana: mwina walendi amathawa usiku ndi ngongole ya miyezi itatu, mwina mwini nyumba amazula chitseko kuti banja lichoke.

Nkhani yaikulu koposa ili kugombe komwe mbiriyi inayambira. Asodzi oyendayenda otsata usipa akhala akumanga misasa m'madoko atapempha kwa mafumu, nyengo ikatha n'kupita. Awa ndi mame enieni. Koma masiku ano kukubwera alendo ena ndi ndalama zambiri, ofuna gombe loti amangepo malo ogona alendo kapena nyumba yopumulirako, ndipo safuna kubwereka, amafuna kugula. Mpanda ukangokwera, njira yopita kumadzi imatalika kwa mayi wochapa ndi msodzi wokoka ukonde. Lamulo la malo a makolo la 2016 linatsegula njira yoti banja lilembetse malo ake m'kaundula. Pepala limenelo likhoza kuteteza banja, koma likhozanso kufewetsa kugulitsa. Ndipo nyanja nayo ili ndi mawu ake. Mu 2024 madzi ake anakwera n'kulowa m'nyumba zambiri za m'mbali mwake, ndipo chaka chomwecho madzi osefukira anasamutsa anthu zikwizikwi cha ku Dwangwa. Anthu amene anali eni nyumba anapezeka ali m'misasa kapena akusaka chipinda cha lendi kumtunda.

Tikayang'ana zaka zonsezi kuchokera pa Salim bin Abdallah, tikuona kuti Nkhotakota sinavutikepo chifukwa cholandira alendo. Mpunga, mzikiti, tchalitchi, chipatala ndi sukulu zonse zinabwera ndi anthu opempha pokhala, ndipo lero aphunzitsi ndi anamwino atati anyamuke tsiku limodzi, msika ungagwe mwezi usanathe. Mavuto akhala akubwera pamene mbali imodzi yagwira chida chomwe inayo ilibe: mfuti m'nthawi ya Jumbe, kaundula m'nthawi ya Angerezi, ndalama m'nthawi yathu ino. Pangano la pakamwa silinateteze mafumu a Chichewa, ndipo la papepala silinateteze Mwinyi Kheiri, chifukwa womasulira panganolo anali yemweyo wamphamvu.

N'chifukwa chake zofunika pamdadada n'zazing'ono koma zenizeni: kope la sukulu lolembamo ndalama iliyonse yolipidwa, onse awiri n'kusayina, mboni imene onse amailemekeza, ndi kuchenjezana mwezi wathunthu mtengo usanakwere kapena munthu asanasamuke. Kwa mabanja okhala ndi malo kunyanja, mwambo wa makolo udakali ndi nzeru. Iwo ankabwereketsa malo, mwini n'kukhalabe mwini. Banja lobwereketsa gombe lake kwa zaka zowerengeka lidzadya lendi, ana ake n'kudzalandira malowo. Banja logulitsa lidzadya kamodzi, ndipo zidzukulu zake zidzakhala zikugogoda pamidadada ya eni kufunsa ngati pali chipinda, m'tauni yomwe agogo awo analandiriramo Jumbe.